Mpikisano wa tigalimoto tokwera miyala: malamulo ake ndi kasankhidwe ka zipangizo

Masewera oyendetsa tigalimoto ta rimoti pamatanthwe, omwe pa Chingerezi amatchedwa rock crawling, akhala akufalikira m'mayiko ambiri kuyambira zaka zoyambirira za m'ma 2000. Pa masewerawa anthu sapikisana liwiro. Wopambana ndi amene wadutsitsa kagalimoto kake pakati pa zizindikiro zoikidwa pamiyala, osazigunda, osabwerera m'mbuyo kawirikawiri ndiponso osagudubuzika.

Omvera athu a m'maboma a Vubwi, Katete ndi Sinda ali ndi mwayi pa nkhaniyi, chifukwa miyala ili kuseri kwa nyumba, pamene okhala m'mizinda ina amachita kugula miyala ndi simenti kuti amange bwalo. Zimene zimavuta kuno ndi ndalama, magetsi ndi zida zosinthira zikawonongeka. Pa chifukwa ichi, munthu ayenera kudziwa malamulo a mpikisano asanatulutse ngwee m'thumba, popeza malamulowo ndiwo amanena kagalimoto koyenera kugula.

Chiyambi cha masewerawa

Masewerawa anachokera ku magalimoto akuluakulu oyenda ndi mawilo onse anayi. M'dziko la America, eni magalimoto a Jeep akhala akusonkhana pa njira ya miyala ya Rubicon ku California kuyambira chaka cha 1953, ndiponso ku Moab m'chigawo cha Utah kuyambira 1967. Kuno ku Zambia, chofanana nazo ndi mpikisano wa Elephant Charge umene unayamba mu 2008 potengera Rhino Charge wa ku Kenya. Pa mpikisanowu magalimoto amayenera kufika pa malo 10 m'thengo, ndipo wopambana ndi amene wayenda mtunda waufupi kuposa onse. Ndalama zopezeka pamenepo zimathandiza ntchito zosamalira nyama zakutchire ndi chilengedwe.

Tigalimoto ta rimoti tinatsata m'mapazi momwemo. Mu 1987 kampani ya Tamiya ya ku Japan inatulutsa kagalimoto ka matayala akuluakulu kotchedwa Clod Buster. Patapita zaka, okonda masewera anayamba kuchotsa zitsulo zake zolumikiza mawilo, zimene amakaniko amazitcha ma ekiselo, n'kuzimangirira pa mafelemu opanga okha kuti zikwere miyala. Mu 2007 kampani ya Axial ya ku America inatulutsa AX10 Scorpion, kagalimoto kopangidwira ntchito imeneyi kuchokera ku fakitale, ndipo posakhalitsa inatulutsanso SCX10 yooneka ngati galimoto yeniyeni. Kampani ya Traxxas inabwera ndi TRX-4 mu 2017, ndipo mu 2019 Axial inatulutsa SCX24 yaing'ono yokwana m'dzanja.

Aliyense amene anapindapo galimoto ya waya ali mwana sangaone zachilendo zambiri. Felemu, ma ekiselo awiri, kachitsulo kokhotetsa mawilo a kutsogolo ndi matayala odulidwa ku mphira, zonsezi zilimo. Kusiyana kwake n'kwakuti m'malo mwa ndodo yaitali ya chiwongolero muli mafunde a wailesi, ndipo m'malo mwa dzanja lokankha muli mota ndi batire.

Momwe mpikisano umayendera

Okonza mpikisano amaika zizindikiro ziwiriziwiri pamiyala, ndipo mpata wa pakati pake umatchedwa chipata. Kawirikawiri zizindikirozi zimakhala mipira ya tenesi yodulidwa pakati. Njira imodzi imakhala ndi zipata pafupifupi 10 zolembedwa manambala, ndipo woyendetsa amazidutsa motsatana m'mphindi zimene okonza alengeza. Iye amayenda pansi kutsatira kagalimoto kake, pamene woweruza amalemba zolakwa papepala.

Pa masewerawa mapointi ndi chilango, choncho amene ali ndi ochepa ndiye wapambana. Malinga ndi malamulo amene bungwe la USRCCA la ku America linafalitsa, omwe mabungwe monga WRCCA ndi SORRCA ali ndi ofanana nawo, kubwerera m'mbuyo ndi pointi 1. Kagalimoto kakagudubuzika n'kudzutsidwa ndi dzanja ndi mapointi 5. Kugunda chizindikiro cha chipata ndi mapointi 10, ndipo kukanyamula kuti kaikidwe pabwino ndi mapointi 10. Chipata chilichonse chodutsidwa chimachotsera woyendetsa mapointi 2. Amene zolakwa zake zakwana mapointi 40, kapena nthawi yamuthera, amatengedwa kuti sanamalize njirayo.

Tiyerekeze anthu awiri amene adutsa zipata zonse 10. Aliyense wachotseredwa mapointi 20. Woyamba anayenda modekha, anabwerera m'mbuyo maulendo 4 ndipo anagunda chizindikiro chimodzi. Zolakwa zake ndi 14, choncho watsiriza ndi mapointi 6 pansi pa ziro. Wachiwiri anathamanga, sanabwerere m'mbuyo ngakhale kamodzi, koma anagunda zizindikiro ziwiri n'kugudubuzika kamodzi. Zolakwa zake ndi 25, ndipo watsiriza ndi mapointi 5 pamwamba pa ziro. Woyamba uja wapambana ngakhale anafika mochedwa. Phunziro lake n'lakuti kubwerera m'mbuyo maulendo 9 n'kotchipa kusiyana ndi kugunda chizindikiro kamodzi, ndipo zipangizo zonse ziyenera kusankhidwa kuti zithandize kuyenda pang'onopang'ono ndi kukhota molondola.

Magulu a tigalimoto

Tigalimoto ta mpikisano tili m'mabanja awiri. Banja loyamba ndi la tomwe tinapangidwira kukwera basi. Sitioneka ngati galimoto ya pamsewu, timakhala topepuka ndipo tina tili ndi mota pa ekiselo iliyonse. Gulu lodziwika m'banjali ndi la 2.2, momwe mtunda wa pakati pa ekiselo ya kutsogolo ndi ya kumbuyo suyenera kupitirira mainchesi 12.5, omwe ndi mamilimita pafupifupi 317.

Banja lachiwiri ndi la tomwe timafanana ndi magalimoto enieni monga Land Rover, Toyota Hilux kapena Jeep. Bungwe la SORRCA limatigawa potengera msinkhu wa tayala ndi maonekedwe a bodi. Gulu loyamba limalola matayala osapitirira mainchesi 4.19, lachiwiri 4.75 ndipo lachitatu 5.75. M'banja limeneli woyendetsa amachotseredwanso mapointi chifukwa cha zinthu zofananitsa kagalimoto ndi galimoto yeniyeni, monga mipando, mabampala achitsulo ndi tayala lapadera.

Manambala awiri amasokoneza ongoyamba kumene. Nambala monga 1.9 kapena 2.2 imanena kukula kwa rimu mu mainchesi. Nambala monga 1/10 kapena 1/24 imanena kuchepa kwa kagalimoto poyerekeza ndi galimoto yeniyeni. Ka 1/10 kamatalika pafupifupi theka la mita, pamene ka 1/24 kamatalika masentimita pafupifupi 20.

Malamulo a magulu amasinthidwa nthawi ndi nthawi. Amene akufuna kukapikisana kunja kwa dera lake ayambe wawerenga malamulo a chaka chimenecho a okonza mpikisanowo, chifukwa tayala lopitirira muyeso ndi mamilimita ochepa limakankhira munthu m'gulu la akatswiri kapena kumuletsa kulowa.

Kugula kagalimoto koyamba

Tigalimoto timagulitsidwa m'njira ziwiri. Pali tomanga kale, tolembedwa RTR pa katoni, tomwe timabwera ndi rimoti, mota ndi zamagetsi zina, ngakhale kuti tambiri ta 1/10 sitibwera ndi batire ndi chaja. Palinso tobwera m'zidutswa kuti wogula amange yekha ndi kugula zamagetsi padera. Njira yachiwiriyi imaphunzitsa munthu kukonza, koma ndalama zake zonse pamodzi zimaposa za yoyamba. Kwa wongoyamba, komanga kale n'kokwanira.

M'zaka zaposachedwapa, ka 1/10 ka makampani odziwika kakhala kakugulitsidwa ku America pa madola apakati pa 300 ndi 550, pamene ka 1/24 kamakhala pakati pa madola 100 ndi 150 ndipo kamabwera ndi batire yake. Pamwamba pa mtengowu pamabwera ndalama zotumizira, msonkho wolowetsera katundu umene bungwe la Zambia Revenue Authority limatolera, ndi msonkho wa VAT wa 16 peresenti. Ndi bwino kuwerengera zonsezi m'makwacha musanaitanitse. Masitolo a zamasewerawa alipo m'mizinda ya ku South Africa monga Johannesburg, ndipo amene ali ndi abale kumeneko angathe kuwatuma.

Funso lalikulu pogula ndi lakuti chida chikathyoka chipezeka kuti. Mitundu yofala monga SCX10, TRX-4, Element Enduro ndi SCX24 ili ndi zida zosinthira zopangidwa ndi makampani ambiri. Kagalimoto kopanda dzina kangakhale kotchipa lero, koma giya imodzi ikatha mano kamasanduka chokongoletsa pa kabati.

Tigalimoto ta ana togulitsidwa m'masitolo wamba, ngakhale titalembedwa mawu okopa pa katoni, sitikwanira pa mpikisano. Pali mayeso atatu osavuta. Mukakoka pang'ono kokokera ka rimoti, mawilo azungulire pang'onopang'ono, osati kulumpha. Mukapotoza pang'ono chiwongolero, mawilo akhote pang'ono chabe. Mukakweza tayala limodzi m'malere mota ikuyenda, ena atatuwo akhale ndi mphamvu yokoka, chifukwa difu ya kagalimoto kokwera miyala imakhala yokhoma kuti tayala limodzi likalendewera m'malere ena apitirize ntchito.

Zida zofunika kuyamba nazo

Pambuyo pogula, ambiri amathamangira nyali ndi zokongoletsa. Ndalama zimapindula zikatsata dongosolo ili.

Choyamba ndi matayala. Tayala la mphira wofewa limakumbatira mwala, pamene lolimba limaterereka. M'kati mwa tayala simukhala mpweya koma siponji. Siponjiyo ikafewetsa, tayala limapindika kagalimoto kakamayenda chammbali pa chitunda, ndipo ikalimbitsa tayala siligwira. Marimu omanga tayala ndi masikuluwu ndi abwino kusiyana ndi omata ndi guluu, popeza amalola kusintha tayala kapena siponji popanda kung'amba.

Chachiwiri ndi kagawidwe ka kulemera, ndipo ichi sichilira ndalama zambiri. Woyendetsa njinga ya makala amadziwa kuti matumba akasanjidwa m'mwamba njinga imagwa msanga. N'chimodzimodzinso pano. Batire ikhale pansi ndiponso kutsogolo, ndipo katundu wa padenga achotsedwe ngati malamulo a gulu sakumufuna. Ambiri amakonza kuti mbali ya kutsogolo inyamule magawo pafupifupi 60 pa 100 alionse a kulemera konse, kuti mphuno isadzuke pokwera. Zolemeretsa za mkuwa zimaikidwa pa ma ekiselo ndi m'mawilo a kutsogolo, osati pa bodi.

Chachitatu ndi servo, kamakina kamene kamakhotetsa mawilo. Tayala likapanikizika m'mng'alu wa mwala, servo yofooka imangolira osakhota, ndipo nthawi zambiri ndi chida choyamba kuwonongeka pa tigalimoto tomanga kale. Ya 1/10 ikhale ya magiya achitsulo, yosalowa madzi, ndipo mphamvu yake yolembedwa ikhale pakati pa 20 kg ndi 35 kg.

Chachinayi ndi mota pamodzi ndi kabokosi kolamulira liwiro kotchedwa ESC. Mota zotchipa za maburashi zimalembedwa nambala ndi chilembo T, kusonyeza mikombero ya waya wa kopa m'kati mwake. Nambala ikakula mota imazungulira modekha, n'chifukwa chake okwera miyala ambiri amasankha pakati pa 35T ndi 55T. Mota zopanda maburashi zimakhalitsa koma n'zodula, ndipo wongoyamba angathe kuzidikirira. Chofunika pa ESC ndi buleki yogwira yokha, imene imaimitsa kagalimoto pa mtsetse chala chikangosiya rimoti. Popanda buleki imeneyi kagalimoto kamatsetsereka n'kukagunda chizindikiro.

Rimoti imene imabwera m'katoni ndi yokwanira. Zamakono zimagwiritsa ntchito mafunde a 2.4 GHz ndipo iliyonse imalumikizidwa ndi kagalimoto kake, choncho anthu ambiri amayendetsa pamalo amodzi osasokonezana. Zakale za 27 MHz, zodziwika ndi mlongoti wautali wachitsulo, zinkalowerana mafunde.

Batire ndi chitetezo

Pali mitundu iwiri ya mabatire. A NiMH ndi olemera koma opirira, ndipo paketi yofala imapereka mavolti 7.2. A LiPo ndi opepuka ndiponso amphamvu. Olembedwa 2S amapereka mavolti 7.4 ndipo a 3S amapereka 11.1. Popeza kagalimoto kokwera miyala kamayenda pang'onopang'ono, batire imodzi ya 1/10 ingathe kufika ola lathunthu kapena kupitirira.

Batire ya LiPo ikalakwitsidwa imayaka moto wovuta kuzimitsa, ndipo m'midzi ya nyumba zofolera udzu ngoziyi si yaing'ono. Chigawo chilichonse cha batireyi sichiyenera kutchajidwa kupitirira mavolti 4.2 kapena kutsitsidwa pansi pa mavolti 3. Ikamasungidwa masiku ambiri ikhale pa mavolti pafupifupi 3.8. Itchajidwe ndi chaja yopangidwira LiPo yokha, pa simenti kapena m'mphika wadothi, kutali ndi denga la udzu, nkhokwe ndi matumba a thonje, ndipo munthu wamkulu akhale pomwepo ndi ndowa ya mchenga. Batire yotupa kapena yoboola isagwiritsidwenso ntchito. Isasiyidwe padzuwa kapena m'galimoto yotseka, makamaka m'mwezi wa October.

M'chaka cha 2024 chilala chinachepetsa madzi m'nyanja ya Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse m'dziko muno. Midzi yambiri nayo imadalira sola. Choncho posankha chaja ndi nzeru kutenga imene imalandira mavolti 12 kuchokera ku batire ya sola kapena ya galimoto, kuwonjezera pa magetsi a m'nyumba a mavolti 230. Tigalimoto ta 1/24 timatchajidwa ndi chingwe cha USB ngati foni. Dziwaninso kuti makampani ambiri onyamula katundu pandege amakana mabatire a LiPo otumizidwa okha. Woyenda pandege amaloledwa kunyamula osapitirira 100 Wh m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi yopita pansi pa ndege.

Kusankha malo

Boma la Vubwi, limene linapatulidwa ku Chadiza mu 2012 ndipo lili m'malire a Malawi ndi Mozambique, ndi dera la mapiri ndi zitunda. Ku Katete kuli mapiri a Mphangwe, ndipo m'madera ambiri a Sinda muli matanthwe oonekera pamtunda. Mwala wokhakhala ndi umene matayala amaugwira bwino. M'dzinja ndere zimauchititsa kuterera, pamene m'chilimwe fumbi limalowa m'magiya. Kagalimoto kapukutidwe ndi burashi pambuyo pa masewera, masikuluwu amangidwenso, ndipo ma ekiselo apakidwe girizi akalowa m'madzi.

Mwala uliwonse uli ndi mwini. Musanaike zipata, kapempheni kwa nyakwawa kapena kwa mwini munda. Manda ndi dambwe si malo a masewera. Mapanga okhala ndi zojambula za makolo, monga a Makwe, Thandwe ndi Mkoma m'chigawo cha Kum'mawa, ndi otetezedwa ndi bungwe la National Heritage Conservation Commission, ndipo kuwakanda kapena kulembapo ndi mlandu. Popeza maso a woyendetsa amakhala pa kagalimoto osati pa mapazi ake, njira iyenderedwe kaye kuti muone maphompho, maenje osiyidwa ndi okumba golide, njuchi ndi njoka monga mphiri zimene zimabisala m'miyala. Nsapato zotseka ndi zofunika, ndipo ana asaime kumunsi kwa chitunda.

Kuphunzira ndi kuyambitsa gulu

Luso la kuyendetsa limaposa mtengo wa zida. Musanakoke rimoti, yendani njira yonse ndi maso ndipo sankhani pomwe tayala lililonse lidzaponda. Mwala waukulu ukwereni ndi tayala, musaudutse pakati, chifukwa umakola chotupa cha difu. Khwawa lidutsidwe mopingasa pang'ono kuti matayala alowe limodzilimodzi. Matayala akayamba kuzungulira pamodzimodzi, chepetsani mphamvu m'malo moonjezera. Kumbukiraninso kuti pokhota matayala a kumbuyo amadula njira cham'kati, ndipo ndiwo amagunda zizindikiro kawirikawiri.

Komwe kulibe kalabu, anthu ochepa angathe kuyamba okha. Kagalimoto kamodzi n'kokwanira anthu 5 kapena 6 oyendetsa mosinthana, ndipo mpikisano wotere ndi wachilungamo chifukwa onse akugwiritsa ntchito chida chimodzi. Ndalama zingasonkhedwe ngati za chilimba, n'kupatula zina za zida zosinthira. Zitsekerero za mabotolo zopaka utoto zingalowe m'malo mwa mipira ya tenesi. Mmodzi akhale woweruza, malamulo alembedwe papepala masewera asanayambe, ndipo zipata zoyamba zikhale zotakata mpaka onse atazolowera. Gulu likakula, mamembala agule mtundu umodzi wa tigalimoto kuti azibwerekana zida.

Mwachidule, wofuna kuyamba awerenge malamulo, asankhe gulu, agule kagalimoto kamene zida zake zimapezeka, ndipo akayendetse mmene kabwerera kwa milungu ingapo asanasinthe kanthu. Zolakwa zolembedwa papepala la woweruza ndizo zidzamuuza chida choyenera kugula pambuyo pake.